Mendulo ya zaka 25 imene inapulumuka madzi a Freddy: mtengo wake uli pati?

Madzi a namondwe wa Freddy ataphwa mu Malichi 2023, tinapita kukafukula zimene zinatsala panyumba ya malume anga kufupi ndi Bangula. Khoma limodzi linali litagwa, matope ali lekeza m'mawondo. Bokosi lawo lachitsulo tinalipeza pansi pa bedi, koma mapepala onse amene anasungamo anali atasanduka phala. Pansi penipeni panali kabokosi kofiira, ndipo m'kati mwake munali mendulo yoda bii, yokulirapo kuposa K10 yachitsulo. Titaipukuta ndi chala, kumbuyo kwake kunaoneka dzina lawo ndi nambala 25.

Patapita masabata angapo kunabwera mnyamata wina wa njinga, mmodzi wa aja amayenda m'midzi kugula miphika yobooka ndi zitsulo zakutha. Anaiyesa kulemera m'dzanja, n'kutchula mtengo wosakwana ngakhale ndowa ya chimanga. Malume anakana, koma usiku womwewo anandiitana. "Mphwanga, iwe sukulu unapita. Tandiuza zoona, chinthu ichi n'chachabe?" Ndinawayankha kuti, "Malume, mundipatse nthawi ndifufuze kaye." Zimene ndikulembazi ndi yankho lija, ndipo ndikulipereka kwa aliyense wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene ali ndi mendulo, baji, wotchi kapena setifiketi ya bambo ake kapena agogo ake m'sutukesi.

Mwambo wopatsa munthu mendulo chifukwa chokhalitsa pantchito unayambira ku usilikali. Mu 1830 mfumu William IV ya ku Britain inakhazikitsa mendulo yotchedwa Long Service and Good Conduct Medal, ya asilikali wamba amene atumikira zaka 21 ngati ali oyenda pansi, kapena 24 ngati ali apakavalo, popanda mlandu. Dzinalo likunena zinthu ziwiri, kukhalitsa ndi khalidwe, ndipo ziwirizi zayendera limodzi mpaka lero. Munthu sankapatsidwa mendulo chifukwa cha kulimba mtima kwa tsiku limodzi ayi, koma chifukwa choti kaundula wake anali woyera chaka ndi chaka. Gulu la King's African Rifles (KAR), lomwe linapangidwa mu 1902 ndipo munali asilikali ambiri a ku Nyasaland, linali ndi mendulo yakeyake yotere. Apolisi a m'maiko olamulidwa ndi Britain anapatsidwa yawo mu 1934, ya zaka 18. Ogwira ntchito m'boma a maudindo apansi anali ndi Imperial Service Medal ya mu 1902, imene inkafuna zaka 25, koma zaka 16 zokha kwa wogwira kudera limene azungu ankaliona kuti ndi la matenda. Lamulo limeneli limandifika pamtima ndikakumbukira dzuwa la Okutobala ku Ngabu ndi udzudzu wa m'dambo la Ndindi. Ngakhale olemba malamulo akale ankadziwa kuti chaka cha kumalo ena n'cholemera kuposa cha kwina.

Makampani a njanji, a migodi, a sitima zapamadzi ndi mafakitale anatengera mwambowu kwa asilikali. Chifukwa chake si chikondi chokha. Munthu amene wakhala pa makina amodzi zaka khumi amamva ndi khutu kuti pampu yayamba kudwala isanaime, ndipo akachoka, kampani imataya zimene sizilembedwa m'buku lililonse. Kuphunzitsa wina kumadya nthawi ndi ndalama. Choncho mabwana anafuna njira yoti wantchito azinyadira kukhala pamalo amodzi, komanso achinyamata aziona mkulu wawo akuitanidwa kutsogolo n'kumalakalaka tsiku lawo. Tinene mosabisa kuti mendulo imatchipa kuposa kukweza malipiro. Koma tinenenso kuti ambiri amene anaipereka ankathokoza ndi mtima wonse, ndipo amene anailandira anailandira ndi misozi. Ku France mwambowu unafika pokhala lamulo la boma: kuyambira 1948 ogwira ntchito m'makampani amatha kulandira mendulo ya ntchito, ndipo masiku ano imaperekedwa pa zaka 20, 30, 35 ndi 40. M'maiko amene anatsata Britain kampani iliyonse inkadzipangira yake, ndipo nambala imene imapezeka kawirikawiri ndi 25.

Kuti timvetse chifukwa chake mendulo yotere ndi yosowa kuchigwa kuno, tiyenera kukumbukira mmene makolo athu ankagwirira ntchito. Ambiri anali alimi a thonje, mapira ndi mchewere, asodzi a mu Shire ndi mu Elephant Marsh, oweta ng'ombe ndi mbuzi. Amene ankalowa ntchito yolipidwa ankalowa ya tikiti: kapitawo ankachonga tsiku lililonse, tikiti ikadzaza munthu n'kulandira zake, mvula ikagwa n'kubwerera kumunda. Ena ankaolokera ku Mozambique, ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates m'mbali mwa Zambezi. Ena ankakwera ya Wenela kupita ku migodi ya ku Joni pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Munthu wotere akanatha kugwira ntchito moyo wake wonse, msana n'kupindika, koma osakwanitsa zaka zisanu zotsatizana kwa bwana mmodzi.

Ntchito yokhalitsa inabwera ndi zinthu ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi njanji. Msewu wa sitima wochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo kukafika ku Blantyre unatsegulidwa mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935 sitima inayamba kuyenda mpaka ku Beira osadukiza pa Zambezi. Njanji imafuna anthu okhazikika: oyang'anira siteshoni, okonza msewu, osonkhezera moto, oyendetsa. Chachiwiri ndi nzimbe za ku Nchalo. Kampani ya Lonrho inakhazikitsa kampani ya shuga ya Sucoma mu 1965, shuga woyamba n'kutuluka mu 1966, ndipo mu 1997 Illovo inagula mbali ya Lonrho ya shuga. Muwerengere nokha: mnyamata amene analowa fakitale itangoyamba mu 1966 anakwanitsa zaka 25 mu 1991. Ndiye kuti kuno kwathu m'badwo woyamba umene unatha kukhalitsa pantchito mochuluka si wakale kwenikweni. Ndi atate athu ndi amalume athu, ena adakali moyo, akukhala pansi pa mitengo ya nimu ku Dyeratu, ku Nchalo ndi ku Tengani.

Mbiri imeneyi imathandiza pozindikira zaka za chinthu chimene mwapeza m'nyumba. Dzina la kampani lolembedwa pa setifiketi, pa baji, kumbuyo kwa wotchi kapena pa mendulo ndi kalendala payekha. Chikanena Nyasaland Railways, ndi cha nthawi ya atsamunda, pakuti dzinali linasintha kukhala Malawi Railways titalandira ufulu, ndipo mu 1999 njanji inaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways. Chikanena Port Herald, nachonso ndi chakale motero. Chikanena Sucoma, ndi cha dzina la Illovo lisanakhazikike. Chikanena ADMARC, sichingakhale cha chaka cha 1971 chisanafike. Malume anga ankagwira ku kampani ina yaing'ono ya eni ake akunja, yokonza mapampu ndi mathirakitala, imene inatsekedwa kalekale. Maofesi ake kulibe, mafayilo ake kulibe. Madzi atadya setifiketi, mendulo ija inatsala yokha padziko lonse kunena kuti munthu uyu anagwirapo kumeneko zaka 25.

Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka ndalama zachitsulo. Mmisiri amazokota chithunzi pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Amadula kachitsulo kozungulira kosalala, n'kukaika pakati pa zidindozo, makina n'kukanikiza mwamphamvu mpaka chithunzi chitatuluka. Chidindo ndiye chodula. Chikapangidwa kamodzi chimatha kudinda mamendulo mazanamazana. N'chifukwa chake kampani inkaitanitsa ambiri nthawi imodzi n'kuwasunga mu sefa, ndipo dzina la wolandira ndi chaka zinkazokotedwa pambuyo pake, kumbuyo kapena m'mphepete. Mfundo imeneyi muigwire: chaka chimene mendulo inapangidwa ndi chaka chimene inaperekedwa zikhoza kusiyana ndi zaka zingapo. Ena ankaikamo utoto wonga galasi, woothedwa pamoto, umene sufufuma koma umasweka ukagwa. Munthu akapitirira zaka 25, makampani ena sankamupatsa mendulo ina koma kachitsulo kopingasa komangirira pa riboni, kolembedwa 30 kapena 35. Ambiri mwa mamendulo amene anafika m'maiko athu ano anapangidwa ku Birmingham ndi ku London, ndi makampani monga Fattorini, Vaughton, Gaunt ndi Spink, ndipo dzina la wopanga limapezeka m'kati mwa chivundikiro cha kabokosi. Kabokosiko musamakataye.

Tsopano funso limene aliyense amayamba nalo: kodi ndi siliva weniweni? Pa zinthu zopangidwa ku Britain yankho limakhala pa mendulo pomwepo, m'tizizindikiro ting'onoting'ono todindidwa mondandalika, kawirikawiri chakumunsi kumbuyo. Ine ndinatiwerenga ndi kamera ya foni, nditakulitsa chithunzi. Kamkango koyenda, kotukula mwendo umodzi wakutsogolo, kamatanthauza siliva wa muyezo wa 925, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa wolimbitsira. Kenaka pali chizindikiro cha mzinda kumene anayesa chitsulocho: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, nyumba ya malinga ndi Edinburgh, ndipo Sheffield inali ndi chisoti chachifumu, pambuyo pake duwa. Palinso chilembo chimodzi choimira chaka, chimene chimasintha chaka ndi chaka, ndipo zilembo zikatha amayambiranso ndi kalembedwe kena; mindandanda yomasulira zilembozi ili pa intaneti mwaulere. Pomaliza pali zilembo zoyamba za dzina la wopanga. Pa mendulo ya malume panali nangula ndi kamkango. Nditawaonetsa pafoni, anayang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Zaka zonsezi ndimaona ngati ndi zipsera."

Golide ali ndi manambala ake. 375 ndi golide wa makarati 9, ndiye kuti gawo la golide silifika theka. 750 ndi wa makarati 18. Koma mamendulo ambiri ooneka agolide ndi siliva kapena mkuwa wongokutidwa ndi golide wopyapyala kuposa pepala la fodya. Mukaona zilembo EPNS, dziwani kuti siliva ali pamwamba pokha, m'kati ndi chitsulo chosakaniza cha mkuwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa zitsulo mawuwa amagwira: kunyezimira si umboni. Maginito nawonso amanamiza ambiri. Siliva sakokedwa ndi maginito, zoona, koma mkuwa nawo sukokedwa, choncho maginito amangokuuzani kuti chinthucho si chitsulo wamba, basi. Mtundu wa dzimbiri umathandizako: siliva amada, mkuwa umabiriwira, chitsulo wamba chimachita dzimbiri lofiira. Kuda kwa mendulo ya malume kumene kunatikhumudwitsa tsiku lija kunali chizindikiro chabwino.

Ngakhale ikhale ya siliva weniweni, musayembekeze chuma. Siliva amagulitsidwa pa muyezo wa troy ounce, umene ndi magalamu 31.1. Mendulo yolemera magalamu 30 ya muyezo wa 925 ili ndi siliva wosakwana magalamu 28, ndiye kuti siifika ngakhale muyezo umodzi. Wogula kuti akasungunule amachotsapo phindu lake, ndipo amene ali pamwamba pake amachotsaponso. Chimene chimafika kwa inu n'chochepa, ndipo mukalandira, dzina la bambo anu lalowa m'ng'anjo.

Pali anthu amtundu wina amene amagula zinthuzi osati kuti asungunule koma kuti asunge. Alipo ambiri ku Britain, ku South Africa ndi kwina, ndipo ku London kuli nyumba zogulitsa pa okushoni monga Spink ndi Noonans zimene zimalemba m'mabuku awo mendulo iliyonse ndi mbiri yake. Anthu amenewa sayamba ndi sikelo. Amayamba ndi dzina. Mendulo yopanda dzina, ya kampani yaikulu imene inapereka masauzande ofanana, imapita pa mtengo wotsika ngakhale inyezimire bwanji. Mendulo ya dzina imatsegula khomo la kafukufuku: anali yani, ankagwira chiyani, kuti, liti. Kenaka amayang'ana kampani. Pali osonkhanitsa za njanji zokhazokha, ena za migodi, ena za mabanki, ena za dziko limodzi, ndipo chinthu cha kampani yaing'ono ya mu Africa imene inatha kale chimasowa kwambiri kuposa cha fakitale yaikulu ya ku Ulaya. Amayang'ananso ngati zilembo zidakali zakuthwa, ngati riboni ndi yoyambirira, ngati kabokosi kalipo. Koposa zonse amafuna mapepala: setifiketi, kalata yoitanira ku mwambo, chithunzi cha tsikulo, chitupa cha kuntchito. Ngati munthu yemweyo analinso msilikali wa KAR, mamendulo ake a usilikali ndi a kukampani amawafuna pamodzi, chifukwa pamodzi amafotokoza moyo wathunthu. Apa ndi pamene mabanja athu amalakwitsa pogawana za malemu: mendulo kwa mwana wachisamba, setifiketi kwa mlongo wake ku Ndirande, chithunzi kwa chitsiriza. Aliyense watenga kanthu, koma nkhani yaduka patatu.

Chifukwa dzina limakweza mtengo, pali akathyali amene amapala dzina lakale m'mphepete n'kuzokota lina. Odziwa amazindikira chifukwa mphepete imapyapyala mbali imodzi ndipo zilembo sizifanana ndi za mamendulo ena a kampaniyo. Kwa ife kuno chinyengo chimabwera mwanjira ina. Mumamva pa WhatsApp kuti ndalama yakale kapena mendulo inayake ikugulidwa mamiliyoni, kenaka wina akukuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya mayendedwe kapena ya kuyezetsa. Zimenezo ndi zabodza. Mamendulo a kukhalitsa pantchito a makampani ali m'gulu la otsika mtengo pa msika wa osonkhanitsa. Odula ndi a kulimba mtima pankhondo. Wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa. Ndiponso dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, la Monuments and Relics Act, choncho musanatumize kunja chinthu cha nthawi ya atsamunda, funsani kaye ku nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, kapena ku myuziyamu ya ku Chichiri.

Pa kasamalidwe ndilankhula ndi amayi anga ndi alongo anga makamaka, chifukwa manja awo sakonda kuona chinthu chakuda. Mendulo si mphika. Phulusa, mchenga ndi sitiliwulu zimadya zilembo ndi tizizindikiro tija, ndipo zikatha sizibwerera. Ngati yalowa matope, itsukeni ndi madzi oyera ndi sopo pang'ono, ndi zala zokha, muiumitse bwinobwino ndi kansalu kofewa. Kuda kwake kusiyeni, osonkhanitsa amakukonda kuposa kunyezimira kopalidwa. Musaimange ndi labala, chifukwa labala amadetsa siliva. Riboni yakale ngakhale yothothoka musaitaye. Ndipo popeza tikukhala m'chigwa chimene chinamira mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu 2023 ndi Freddy, bokosi la pansi pa bedi si malo osungira mapepala. Jambulani setifiketi, mendulo mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, mutumize zithunzizo kwa achibale awiri kapena atatu okhala kumtunda.

Pali mbali ya nkhaniyi imene sindingaidumphe, chifukwa imandipweteka. Mendulo imawerenga zaka zotsatizana za munthu wolembedwa ntchito yokhazikika. Koma kulikonse kumene amalima nzimbe, tiyi kapena fodya, ntchito yambiri ndi ya nyengo. Kudula nzimbe kumayamba cha mu Epulo n'kutha mvula ikamayandikira. Wodula amalowa m'munda wootchedwa m'bandakucha, amatuluka ali bii ndi mwaye, chikwanje chitamutupitsa manja. Nyengo ikatha kontirakiti yatha. Chaka chamawa amalembedwa ngati watsopano. Ndimadziwa abambo amene abwerera kumunda nyengo makumi awiri, ndi amayi amene apalira ndi kubzala kuyambira ali atsikana mpaka kukhala ndi zidzukulu. Pa kawerengedwe ka mendulo, zaka zawo zimayambira pa ziro chaka chilichonse. Choncho mukaona m'ndandanda wa olandira mphoto za kukhalitsa pakampani iliyonse ya zaulimi, mupezamo makalaliki, madalaivala, amakaniko, alonda ndi akapitawo kuposa anthu a chikwanje ndi khasu. Sikuti olandirawo sanayenere. Anayenera ndithu. Koma wofufuza mbiri amene adzabwere zaka zana zikubwerazi n'kungowerenga mamendulo adzaganiza kuti chigwa chino chinamangidwa ndi anthu ochepa chabe. Ine ndikuona kuti palibe chovuta kuwerenga nyengo m'malo mwa zaka. Makampani ndi magulu a alimi a nzimbe ali ndi makaundula a malipiro; munthu amene dzina lake lapezekamo nyengo 20 akhoza kuitanidwa kutsogolo ngati anzake.

Komanso mendulo siidyedwa. Ambiri a m'badwo wa malume anapuma ntchito lamulo lokakamiza penshoni lisanabwere. Lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo linati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Amene anapuma kale ambiri analandira ndalama kamodzi kokha, n'kugula malata kapena ng'ombe ziwiri, zotsalazo n'kudyedwa ndi kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 mokha kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. N'chifukwa chake antchito ambiri lero, atafunsidwa, angasankhe malata, njinga, simenti kapena envelopu m'malo mwa kachitsulo ka pa riboni, ndipo sindingawadzudzule. Kampani imene imapereka mendulo koma penshoni ya anthu osaitumiza ikuchita chipongwe. Koma pamene malipiro ndi penshoni zili m'malo mwake, mendulo ili ndi ntchito imene envelopu singaigwire. Malume anapatsidwanso njinga tsiku lomwelo. Njingayo inanyamula makala, odwala ndi matumba a thonje mpaka inatha, ndipo palibe mdzukulu amene anaiona. Mendulo adzukulu onse aigwira m'manja.

Nditawafotokozera zonsezi, ndinamaliza ndi kuti, "Malume, siliva wake ndi weniweni koma ndi wochepa. Chimene chingaipatse mtengo ndi mapepala, ndipo mapepala anapita ndi madzi." Anakhala chete, kenaka anati, "Nanga ine ndapita ndi madzi? Tenga cholembera."

Tinakhala pakhonde masana atatu. Anandiuza chaka chimene analowa ntchito ngati wothandizira, wongonyamula masipanala. Dzina la mmisiri wa Chisena amene anawaphunzitsa kumasula pampu. Ngozi imene inawadula nsonga ya chala. Malipiro awo oyamba, a mapaundi ndi mashiling'i, kwacha isanabwere mu 1971. Tsiku la mwambo, mmene anabwerekera jekete kwa mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, ndi mmene malemu akazi awo analulutira mpaka bwana anaima kaye kulankhula. Anatchulanso maina khumi ndi limodzi a anzawo amene anayamba nawo limodzi koma sanafike zaka 25, ena chifukwa cha matenda, ena chifukwa ntchito yawo inali ya nyengo, ndipo anandilamula kuti onsewo ndiwalembe. Zinakwana masamba asanu ndi limodzi a kope. Anasaina pansi pa tsamba lililonse, a mfumu n'kudindapo chidindo chawo.

Masambawo tinawajambula n'kutumiza kwa ana awo ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Enieniwo tinawapinda pamodzi ndi mendulo ndi kabokosi kake kofiira, n'kuika m'botolo lapulasitiki la kukamwa kwakukulu, lotseka bwino. Botololo likulendewera pa mtanda wa denga m'nyumba yatsopano imene anamanga kumtunda, pamwamba pa pamene madzi a Freddy analekeza pa nyumba yakale ija.